Mapaipi a M'mutu mwa NyaZgambo

Zaka makumi awiri ndakumba dothi lofiira la Mzuzu
kusaka pomwe paipi yaphulika.
Ndimadziwa kulira kwa madzi njira ikawachepera:
amayamba aimba likhweru, kenako zii,
Chibavi yense n'kudzuka ndi zidebe zouma.

Izi zokha sanandiphunzitse.

Unagwa Lachiwiri ku Zigwagwa,
ukupinda majuzi a kaunjika.
Unati wina wakutema ndi nkhwangwa kunkhongo
pomwe kumbuyo kwako kunalibe munthu.
Pa chithunzi cha makina magazi anaoneka oyera,
atayenderera m'mikwasa ya ubongo
monga achitira madzi pansi pa simenti.

Tsiku lachitatu unaseka,
unafunsa ngati ndathirira mpiru.
Ndinaimbira abale ku Dowa kuti kwacha.
Dokotala Kayange anandikokera pakhonde:
"A Chimphonda, musathamangire kuthokoza.
Magazi otayika aja akamasungunuka
amaputa mitsempha yoyandikana nawo.
Imafumbata ngati chibakera.
Tiwerenge limodzi mpaka masabata awiri."

Tsiku lachisanu ndi chiwiri
dzanja lako lamanja linaiwala supuni.
Unandiyang'ana, mlomo unatseguka,
dzina langa silinatuluke.

Nimodipini. Ndinalilemba pachikhatho ndi bolopeni.
Anabwera pa basi ya usiku kuchokera ku Lilongwe,
m'kabokosi komata ndi selotepi,
kudutsa nkhungu ya m'Chikangawa
pamiyendo pa kondakitala yemwe anakana ndalama yanga.
Maola anayi alionse Walusungu, nesi wa usiku,
amapera mapiritsi awiri, kuwasungunula,
kuwakankhira m'kachubu ka m'mphuno mwako.
Teni koloko. Thu koloko. Sikisi.
Ola lililonse tochi m'maso:
"Mayi, finyani zala zanga. Muli kuti? Lero n'lachingati?"

Zaka zonsezi ndakhala ndikukubisira mchere,
tinakanganapo chifukwa cha kasupuni kamodzi m'nyemba.
Lero thumba la madzi amchere lapachikidwa pamwamba pako
ngati thanki ya paphiri,
dontho, dontho, dontho,
ndipo mapiritsi ako a BP awatsekera m'kabati.
Akuti isatsike. Akuti ikatsika, kwina kuuma.

Ndinamvetsa asanamalize.
Paipi ikaphinjika umawonjezera mphamvu ya pampu
kuti nyumba yomaliza, ya pamtunda ku Masasa,
ilandireko angakhale kamkodzo ka madzi.
Ndikudziwanso chimene mphamvuyo imachita
pamalo pomwe panang'ambika kale.
Akanakhala wina, wosadziwa mapaipi,
mwina akanagona usiku umenewo.

Amandilola mphindi khumi, nsapato zitatsala pakhomo.
Makina akulira ngati anapiye osiyidwa pamvula.
Nambala yobiriwira ikwera, itsika, ikwera,
ine maso pamenepo ngati pa geji ya ku Lunyangwa,
manja m'thumba, opanda sipanala,
chifukwa paipi iyi ndi yopyapyala kuposa chingwe cha nsapato
ndipo ili kumene zala zanga sizingafike.

Kunja mvula yowaza ya mu Juni yalowa m'mafupa.
Mchemwali wako Tafwachi wagona chokhala pabenchi
atafunda limodzi la majuzi amene sunagulitse.

Tsiku lakhumi ndi limodzi, kusanache,
Walusungu anatuluka, chophimba pakamwa chili pachibwano.
"Bwerani muone. Musafuule."
Ndinaika zala ziwiri m'dzanja lako lamanja.
Poyamba palibe.
Kenako kachinthu, kochepa ngati kupuma kwa mbewa,
kenako kufinya kwenikweni, chikhadabo n'kundilowa.
Mlomo unasakasaka, unapeza mawu amodzi,
osati dzina langa ayi:
"Mpiru."

Sindinauthirire, NyaZgambo. Unauma Lamulungu.
Ndinanama kuti uli bwino.

Dokotala akuti atsala masiku atatu
ndipo chibakera chija chikhoza kufumbatanso.
Sindinaimbire aliyense ku Dowa.
Ndinapita kumpopi wa kuseri kwa wodi kukasamba m'maso.
Unakhosomola mpweya, unanjenjemera,
unalavula dzimbiri pang'ono.
Ndinaima pomwepo, dzanja lili pansi pake,
kudikira.